Bawo ya Lachinayi



Pali funso limene ambiri mumandifunsa tikakumana, kaya pa depoti, kaya pamaliro, kaya pafoni. Simufunsa za masamu ayi, ngakhale ndinatha nanu choko chambiri kwa zaka zinayi. Mumafunsa kuti, “Sala, kodi bawo ya Lachinayi ija ikadalipo?” Yankho ndi lakuti eya, ikadalipo. Tinayamba m'chaka cha 2013 ndipo mpaka pano tikusewerabe. Lero ndati ndilembe za bawo imeneyi chifukwa ndaona kuti ambiri mumaitenga ngati zocheza za madala osowa chochita. Ine ndikuti ndi chimodzi mwa zinthu zaphindu zedi zimene ndachitapo kunja kwa kalasi. Phindu lakelo lagona pa tsikulo, loti ndi limodzimodzi sabata ndi sabata, kotero kuti munthu akasowa timadziwa msanga.

Amene munaphunzirapo kapena kuphunzitsapo pa CDSS ya kumudzi mukudziwa m'mene madzulo amakhalira. Belu lomaliza likalira, ana n'kubalalika, pasukulu pamangoti zii. Ukachonga makope n'kukonza za mawa, nthawi imakhala ikadalipo yambiri. Masiku amenewo magetsi anali asanafike ku nyumba za aphunzitsi. Mwamuna wofuna kucheza anali ndi malo awiri okha, ku bala kapena ku vidiyo kukaonera mpira wa ku England. Ku bala malipiro amatha sabata yoyamba ya mwezi isanathe. Ku vidiyo umakhala benchi limodzi ndi anyamata a Fomu 3 amene mawa lake uyenera kuwafunsa chifukwa chimene sanalembere ntchito imene unawapatsa.

Amene anabweretsa ganizo la bawo ndi mphunzitsi wathu wa Geography, amene m'nkhani ino ndiziwatchula kuti Achikulire monga timawaitanira. Maina sinditchula, amene munadutsa m'manja mwawo mwawadziwa kale. Iwowa anakulira ku Nkhotakota, kumene mwana amadziwa bawo asanadziwe kulemba dzina lake. Anakambirana ndi akalipentala amene amatikonzera madesiki, ndipo iwo anasema thabwa lokongola kuchokera ku m'bawa wotsala pa chitseko cha munthu wina. Wachitatu ndinali ine, wachinayi mwini golosale ya pamsika. Patapita miyezi anabwera adokotala a pa chipatala chathu chaching'ono. Mu 2016 anadzalowa Madamu a Biology, amene tsiku loyamba anangoti abwera kudzaonerera, koma m'mene timabalalika anali atagonjetsa amuna awiri. Kuyambira pamenepo nkhani yoti bawo ndi ya abambo okha inatha payokha.

Tinasankha Lachinayi chifukwa ndilo tsiku lokhalo limene linalibe mwini. Lachisanu a golosale amakhala ndi mapemphero ku mzikiti, ndipo dzuwa likamalowa akalipentala, omwe ndi a Seventh Day, amakhala ayamba Sabata. Loweruka ndi la maukwati ndi maulendo, Lamulungu enafe tili kutchalitchi. Timayamba 6 koloko madzulo n'kutseka 9 koloko, ndipo timazungulira nyumba ndi nyumba. Mwininyumba amakonza tiyi ndi chilichonse chimene nyengo yapereka, kaya mbatata, chinangwa, mtedza wokazinga kapena chimanga chootcha. Malamulo athu ndi ochepa. Palibe kubetcha ngakhale ndalama yachitsulo imodzi, chifukwa juga imathetsa chibale. Palibe mowa. Mafoni amalowa mu lichero, kupatula ya adokotala amene akhoza kuitanidwa nthawi ina iliyonse. Wogonja amadzuka kuti wina akhale. Ndale zimakambidwa pa tiyi, koma thabwa likayalidwa zimathera pomwepo, ndipo ndi lamulo limeneli tadutsa zisankho za 2014, 2019, 2020 ndi 2025 popanda kutaya munthu, ngakhale sitivotera chipani chimodzi. Lamulo lomaliza ndi lakuti amene sabwera atumize mawu. Poyamba tinaliika kuti mwininyumba adziwe kuchuluka kwa makapu basi.

Kwa inu amene munakulira pa ntchuwa yokumba pansi, kapena simunagwirepo nkhomo m'manja, ndifotokozeko pang'ono. Thabwa la bawo lili ndi mizere inayi, uliwonse wa maenje 8, kutanthauza maenje 32. Nkhomo zimakhala 64, aliyense zake 32, ndipo aliyense ali ndi mizere iwiri, wa kutsogolo ndi wa kumbuyo. Pali bawo yophweka imene timayambira ana, yoika nkhomo ziwiriziwiri m'dzenje lililonse. Koma imene timasewera ife ndi ya nyumba. Mu mzere wa kutsogolo muli dzenje limodzi losiyana ndi ena, la ngodya zinayi, ndipo limeneli ndiye nyumba. Poyamba umaika nkhomo 8 m'nyumbamo, ziwiriziwiri m'maenje awiri otsatira, n'kutsala ndi 20 m'manja zimene umalowetsa imodziimodzi. Ukaponya nkhomo m'dzenje lako la kutsogolo lomwe muli kale zina, ndipo moyang'anizana nalo mnzako alinso nazo, umamudya. Zimene wadyazo umazifesa ku mbali yako, ndipo ulendo umapitirira mpaka nkhomo yomaliza itagwera m'dzenje lopanda kanthu, pamenepo wagona. Ngati palibe podya, umangotakata. Wagonja ndi amene mzere wake wa kutsogolo watha, kapena alibenso poyendera.

Achikulire, pokhala a Geography, salephera kutikumbutsa kumene masewerowa anachokera. Dzina lakuti bawo ndi lapachibale ndi mawu a Chiswahili akuti bao, kutanthauza thabwa, ndipo kaseweredwe kathu n'kofanana kwambiri ndi ka ku Zanzibar. Kusiyana kumodzi n'kwakuti iwo amaika nkhomo 6 m'nyumba n'kutsala ndi 22 m'manja. Njira imene bawo inadzera ndi yomwe ija ya amalonda a Chiswahili ndi Chiyao, yochokera ku gombe la nyanja ya mchere kufika kunyanja kwathu, kumene Jumbe anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1800. Tonse tikudziwa kuti njira imeneyo inadzanso ndi misozi ya ukapolo. Anzathu a ku Zambia ali ndi nsolo, a ku Zimbabwe ali ndi tsoro, onsewa ndi masewero a banja limodzi la maenje ndi timiyala.

Ine monga wa masamu, bawo imandisangalatsa mwapadera. Mbali ya munthu mmodzi ili ndi maenje 16 ozungulira. Ukatapa nkhomo 19, yomaliza idzagwera maenje atatu kutsogolo kwa pamene unatapa, chifukwa 19 kuchotsa 16 kutsala 3. Ndi nkhani yomwe ija ya kugawa ndi zotsala imene imavuta ana m'kalasi, koma ukawayalira thabwa amaimva mosavuta. Chovuta n'chakuti nkhomo iliyonse imene wafesa imasintha chiwerengero cha dzenje limene yagweramo, choncho kuti uone mathero a ulendo wako uyenera kusunga m'mutu thabwa limene likusintha. Katswiri wina wa ku Netherlands, Alex de Voogt, anachita kafukufuku pa akatswiri a bao a ku Zanzibar n'kutulutsa buku mu 1995, pofuna kumvetsa m'mene ubongo wa munthu umakwanitsira zimenezi. Pagulu pathu katswiri si wa dipuloma ayi. Ndi akalipentala, amene sukulu anaisiyira Sitandade 6. Amayang'ana thabwa kwa kamphindi n'kunena kuti, “Aphunzitsi, mukatapa apo mugona pafupi ndi nyumba, ndiye ine ndikudyani kawiri.” Ndipo zimachitikadi momwemo. Zimenezi zimandikumbutsa kuti ana ena amene amalephera MSCE sikuti m'mutu mulibe masamu.

Koma chimene ndinazindikira m'kupita kwa zaka n'chakuti bawo imamasula pakamwa pa amuna. Ife tinaleredwa ndi mawu akuti mwamuna salira. Ukamukhazika mwamuna pampando, n'kumuyang'ana m'maso, n'kumufunsa kuti vuto ndi chiyani, adzakuyankha kuti palibe, zonse zili bwino. Koma maso akakhala pa thabwa, manja ali pa nkhomo, mawu amatuluka okha ngati akulankhula ndi thabwalo. Ndi pa bawo pamene tinamva za ngongole zimene amadula kumalipiro mpaka munthu n'kutsala ndi ya sopo yokha. Ndi pa bawo pamene a golosale anatiuza kuti kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene ankaodera katundu wodzaza mashelefu inangokwana theka. Tsiku lina adokotala anabwera ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi n'kunena kuti wogonja aliyense ayezedwe. Tinaseka, koma awiri mwa ife anapezeka kuti BP ndi yokwera, ndipo mpaka lero akumwa mankhwala. Anthu amenewo ku chipatala sakanapita okha.

Nthawi ya Covid-19 inatiyesa. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, koma ife tinapitiriza kusewera panja, madzi ndi sopo zili pambali. Mu Januwale 2021 matenda anakula, mpaka nduna ziwiri za boma zinamwalira tsiku limodzi, pa 12 Januwale. Adokotala anatiuza mosapita m'mbali kuti anthu asanu ndi mmodzi ogwira nkhomo zomwezomwezo ndi ngozi, ndipo tinaimitsa kwa miyezi inayi. Tinayesa kucheza pa WhatsApp, koma kumeneko munthu amatumiza chithunzi choseka uku m'nyumba mwake muli maliro. M'miyezi yomweyo mayi a kunyumba kwa Achikulire anatisiya, atadwala nthawi yochepa. Tinaika maliro mwachangu monga malamulo a nthawiyo amafunira. Titayambiranso kusewera, Achikulire ankabwera ndithu, ankaseka nthabwala zikadutsa, ndipo ankadya nkhomo zathu monga kale.

Chimene ndikufuna kunena tsopano ndachita kuwapempha eni ake, ndipo anandiloleza, akuti mwina chithandiza wina. Mu 2022 Achikulire anakwanitsa zaka 60 n'kupuma pantchito. Monga mukudziwa, ukapuma umatuluka m'nyumba ya sukulu. Anasamukira ku nyumba yawo yosamaliza, mtunda wa makilomita asanu kuchokera pano, kutsidya kwa mtsinje. Ana awo onse ali kutali. Malipiro anaima, koma ndalama zopumira pantchito sizinabwere. Mwezi ndi mwezi ankakwera minibasi kukafunsa, n'kubwerako ndi yankho lakuti fayilo ikuyenda. Ngakhale zinali choncho, Lachinayi lililonse ankapalasa njinga kubwera, ndipo tikawafunsa ankati, “Zitheka, achimwene, tapani tione.”

Mu Febuluwale 2023, pakati pa mvula ndi njala, sanabwere. Anatumiza mawu kuti mtsinje wadzaza, ndipo tinamvetsa. Lachinayi lotsatira sanabwerenso, mawu osatumiza, foni yozima. Munthu amene kwa zaka khumi sanaphwanyepo lamulo limeneli. Usiku umenewo masewero sanakome. Madamu ndi amene ananena kuti, “Abambo inu, tikudikira chiyani? Sabata yamawa n'kutali.” Mawa lake titaweruka tinamangirira thabwa pa kaliyala ya njinga, a golosale ananyamula shuga ndi masamba a tiyi, ndipo tinawoloka mtsinje uja, umene madzi ake anali a m'mawondo chabe.

Tinapeza chitseko chotseka dzuwa likadalipo. Tinaodira kangapo. Atatsegula, ndevu zinali zosameta, malaya akuwakhwepa, ndipo pa mafuwa zimaoneka kuti moto sunayakepo masiku angapo. Anati, “Achimwene, mwavutikiranji? Lero si Lachinayi.” Akalipentala anayankha kuti, “Achikulire, muli ndi ngongole ya masewero awiri, tabwera kudzaitenga.” Palibe amene anafunsa funso. Madamu anasonkha moto, ife tinayala mkeka pakhonde n'kuika thabwa. Masewero oyamba anasewera ali chete, n'kugonja mwachangu. Mkati mwa achiwiri, ali ndi nkhomo m'manja, maso ali pansi, anayamba kulankhula. Anali atakongola kwa munthu wa katapila kuti agule feteleza ndi kulipirira mdzukulu fizi, podalira kuti penshoni ibwera. Ngongole inali itakula kuwirikiza, mwini ndalama anali atatenga njinga, ndipo ankawopseza kuti akanganula malata. Njinga ndi imene inawalepheretsa kubwera, koma manyazi ndi amene anawazimitsa foni. Munthu amene anaphunzitsa theka la anthu a m'dera lino sakanatha kupempha. Pomaliza ananena motsitsa kuti masiku amenewo ankaganiza zoti kuli bwino angotsatira mayi.

Malipoti a apolisi a zaka zapitazi akhala akuonetsa kuti mwa anthu amene amadzipha m'dziko muno, ambiri ndi amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Timamva zimenezi pa wailesi n'kupukusa mitu ngati ndi za anthu ena. Usiku umenewo zinali pamkeka pathu. Adokotala anapita nawo kuseri n'kucheza nawo nthawi yaitali, ndipo mawa lake anawaona ku chipatala mwa dongosolo. Akalipentala anagona komweko masiku atatu, akuti akukonza zitseko. Tinasonkherana, aliyense monga akanathera, ndipo a golosale, amene amadziwa kulankhula ndi anthu a ndalama, anakakambirana ndi mwini katapila mpaka anavomera kulandira yake imene anabwereketsa ndi kachiwongola dzanja kochepa. Njinga inabwerera. Madamu analemba makalata n'kupeza mwana wathu wina wakale wa mu mzinda amene ankapita kukafunsa za fayilo m'malo mwawo. Tinaimbiranso ana awo, amene sankadziwa chilichonse. Ndalama zinadzatuluka patatha miyezi 14 chipumireni pantchito. Lero nyumba ija ili ndi mawindo, ndipo ikafika nthawi yawo timawoloka mtsinje kukasewera kumeneko.

Ndisanamizepo munthu, bawo si mankhwala. Amene anathandiza Achikulire ndi chipatala, ana awo, mpingo wawo ndi ndalama zimene zinatseka ngongole. Bawo inangochita chinthu chimodzi, inatidziwitsa msanga. Mphunzitsi akakhala pantchito, akajomba tsiku limodzi ana 80 amadziwa, ahedi amadziwa. Akapuma palibenso rejisitala imene imaitana dzina lake. Kutchalitchi anthu ndi ambiri, ukasowa masabata awiri amangoti wapita kwa ana. Koma pa gulu la anthu asanu ndi mmodzi, kapu imodzi ikatsala yopanda mwini imaonekera. Lamulo lija tinaikira makapu a tiyi ndi limene linagwira ntchito yaikulu. Paja akulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.

Ndikudziwa kuti ena mukuti bawo ndi ya malova. Mawu amenewa ali ndi pogwira. Tonse tinaonapo amuna okhala pansi pa mtengo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, akazi awo ali kumunda ndi mwana kumbuyo. Zimenezo sindikuziikira kumbuyo. Ife ndi maola atatu pa sabata, ntchito itatha, ndipo nthawi yochonga mayeso amene sanamalize amabwera ndi mapepala ake n'kumachongera pambali. Mayi a kunyumba kwanga poyamba ankadandaula, koma atayerekeza ndi amuna a anzawo amene amabwera usiku akudzandira, tsopano ndi amene amandikumbutsa kuti lero ndi Lachinayi. Ndipotu amayi anatitsogolera kalekale pa nkhani imeneyi. Ali ndi mvano, ali ndi banki m'khonde, ali ndi magulu ophika pamaliro, ndipo mmodzi akasowa anzake amagogoda pakhomo tsiku lomwelo. Abambo ambiri tilibe pena paliponse pamene timayembekezeredwa, kupatula kuntchito ndi ku bala.

Choncho kwa inu aphunzitsi achinyamata amene mwangotumizidwa kumene ku sukulu ya kutali, kumene simukudziwa aliyense, malangizo anga ndi awa. Pezani anthu anayi kapena asanu, ndipo asakhale aphunzitsi okhaokha, chifukwa aphunzitsi okhaokha amangokamba za ahedi ndi za kukwezedwa pantchito. Sankhani tsiku limodzi n'kulisunga, kaya mwabwera awiri okha, seweranibe. Masewero ake alionse ndi abwino, bawo, dirafuti ya zitsekerero za mabotolo, tchesi kapena Ludo, bola akhale oti manja ndi maso zili ndi chochita ndipo pakamwa pali pomasuka. Ndalama isalowepo. Ndipo ikani lamulo loti wosabwera atumize mawu, n'kugwirizana kuti mawu akapanda kubwera mudzanyamuka kukamuona. Inunso ana anga amene muli ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Johannesburg, kumene munthu akhoza kudwala sabata yathunthu woyandikana naye osadziwa, nkhaniyi ikukukhudzani kuposa ife a kumudzi.

Pomaliza, pempho. Tikamaliza kusewera timawerenga nkhomo tisanazibwezere m'kathumba, ndipo pakadali pano zatsala 61. Zitatu zinalowa m'ming'alu ya makhonde athu, moti tikugwiritsa ntchito timiyala timene Achikulire amadandaula kuti sitimveka bwino m'manja. Amene mukupita cha ku Nkhotakota kapena ku Mangochi, mukaona ogulitsa bawo mutigulireko zochepa, ndalama yanu tidzabweza. Ndipo amene mungadutse kuno Lachinayi, funsani pa golosale kuti sabata ino tili kwa yani. Tiyi alipo, koma dziwani kuti mlendo amayamba ndi akalipentala.